Mwana wa m'komboni akongole, koma abweze molingana ndi zimene amapeza

Kuyambira mu Januwale 2022, mwana wa m'komboni ya Chipata ku Lusaka angathe kuphunzira pa sukulu ya boma kuchokera Giredi 1 mpaka Giredi 12 popanda kulipira fizi. N'chimodzimodzi kwa mnzake wa ku Kanyama, Matero, Chawama, George, Mtendere kapena Kalingalinga. Zotsatira zake n'zoti ana ambiri a anthu ogulitsa tomato, makala ndi salaula akufika pa khomo la yunivesite, ndipo pa khomo limeneli maphunziro aulere amathera pomwepo. Banja limene limadya zimene lapeza tsiku lomwelo limauzidwa kuti lipeze ndalama za fizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku kwa zaka zinayi kapena kuposerapo. Kwa ambiri njira ndi imodzi yokha, kukongola. Makolo ena amaiopa kwambiri ngongole ya boma, moti amalola mwana wanzeru kukhala m'kabokosi ka Airtel Money pamsewu m'malo moti asayine pepala. Ine ndikuona kuti mantha amenewa alunjika pa chinthu cholakwika. Ngongole ya boma ndi ndalama yotsika mtengo koposa ina iliyonse imene banja la m'komboni lingakongole. Chimene chimagwetsa mabanja ndi ngongole zina zimene amatenga potseka mipata imene ngongole ya boma yasiya, ndipo chimene chimafinya omaliza maphunziro ndi kabwezedwe kosayang'ana kuti munthuyo akulandira zingati pamwezi.

Kuti timvetse chifukwa chake anthu amakwiya akamva za kubweza, tiyenera kukumbukira kumene nkhaniyi inachokera. Pamene Zambia inkalandira ufulu mu 1964, anthu a dziko lino amene anali ndi digiri anali pafupifupi 100 okha. Yunivesite ya Zambia (UNZA) inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312, ndipo boma la a Kenneth Kaunda linkawalipirira zonse chifukwa linkasowa anthu oti ayendetse maofesi, zipatala ndi migodi. Mu 1973 kunakhazikitsidwa Bursaries Committee yoyang'anira thandizoli, ndipo mpaka lero ophunzira a pa UNZA amati BC akamanena ndalama imene amalandira. Mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, thumba la boma linayamba kuphwa pamene chiwerengero cha ophunzira chinkakwera, ndipo mu 1987 kunabadwa yunivesite yachiwiri ya Copperbelt ku Kitwe. Pang'onopang'ono mabanja anayamba kuuzidwa kuti asenzeko gawo la mtengo wa maphunziro. Mu 2004 thandizo lija linasanduka ngongole, ophunzira n'kumasayina kuti adzabweza, koma kwa zaka zoposa khumi panalibe amene ankapita kukatolera. Lamulo la 2016 ndi limene linakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, HELSB mwachidule, ndipo mu 2018 bungweli linayamba kudula ndalama pa malipiro a anthu amene anathandizidwa kuyambira 2004. Ambiri mwa iwo anali atakwatira, atabereka, atatenga kale ngongole zina ku banki, ndipo anangoona malipiro atachepa. Mkwiyo wawo unali womveka. Boma linalakwa kukhala chete zaka zonsezo, chifukwa ngongole imene mwini wake saikumbutsa anthu amafika poiyesa mphatso.

Mmene zilili tsopano, wophunzira amayamba wapeza malo pa yunivesite ya boma, monga UNZA, Copperbelt, Mulungushi, Kwame Nkrumah, Mukuba, Chalimbana kapena Kapasa Makasa, kenako amafunsira ngongole ku HELSB. Bungweli limasankha, ndipo si onse ofunsira amene amapeza. Mwa opezawo, ena amalipiriridwa fizi yonse, ena 75 peresenti, ena theka, ena kucheperapo, ndipo pamwamba pake pamakhala ndalama ya malo ogona, ya mabuku, ya chakudya ndi ya kafukufuku wa kumapeto. Munthu akamaliza maphunziro amapatsidwa chaka chimodzi chopumira, kenako amayenera kubweza m'zaka zosaposa khumi. Chiwongoladzanja chinali 15 peresenti pachaka, ndipo chinatsitsidwa kufika pa 10 peresenti kuyambira mu 2024. Amene amagwira ntchito m'boma amadulidwa ndalamayo malipiro asanafike m'manja, ndipo lamulo limafuna kuti olemba ntchito ena nawonso azidula ndi kutumiza ku bungweli.

Tiyeni tiwerengere limodzi, chifukwa mantha ambiri amatha munthu akagwira cholembera. Tiyerekeze kuti wophunzira wamaliza ali ndi ngongole ya K100,000, ndipo chiwongoladzanja chikuwerengedwa pa ndalama yotsala mwezi ndi mwezi kwa zaka khumi. Pa 15 peresenti angamapereke pafupifupi K1,610 pamwezi, ndipo pomaliza angakhale atabweza ndalama yoposa K190,000. Pa 10 peresenti angamapereke pafupifupi K1,320 pamwezi, zonse pamodzi n'kukhala pafupifupi K159,000. Ndi ndalama yambiri, sitingabise. Koma mu 2024 mitengo ya zinthu m'dziko muno inakwera ndi pafupifupi 15 peresenti, kutanthauza kuti kwacha imene munthu ankabweza inali yopepuka kuposa imene anakongola, ndipo chiwongoladzanja cha 10 peresenti sichinkafika n'komwe pa kukwera kwa mitengoko. Mabanki pa nthawi yomweyo ankakongoza pa chiwongoladzanja choposa 25 peresenti, ndiponso banki imafuna chikalata cha malipiro kapena chikole, zinthu zimene mnyamata wa zaka 19 wa ku George alibe. Palibe wina aliyense mu Lusaka amene angapatse mwana wa mayi wogulitsa chikanda ndalama ya zaka zinayi popanda chikole, n'kumudikira mpaka amalize sukulu. Choncho wophunzira amene dzina lake latuluka pa mndandanda wa HELSB, n'kukana chifukwa choopa liwu lakuti ngongole, wataya mwayi umene sadzaupezanso kwina.

Vuto lenileni limayamba tsiku limene dzina latuluka. Mwana amene wapatsidwa 75 peresenti amasangalala, pakhomo pamakhala nthungululu, koma gawo lotsalalo liyenera kuchokera m'thumba la makolo, ndipo yunivesite imafuna kuti lilipidwe munthu asanalembetse kapena asanalowe m'chipinda cha mayeso. Wogwira ntchito za m'nyumba, amene malipiro ake otsikitsitsa mwa lamulo anaikidwa pa K1,300 pamwezi mu 2024, sangathe kusonkhanitsa ndalama yotere pa sabata imodzi. Kenako pamabwera nkhani ya malo ogona. Mahositelo a UNZA pa Great East Road ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi ophunzira, moti chipinda chomangidwira anthu awiri chimagona anthu angapo, ena pansi, ena mosinthana bedi. Otsalawo amawoloka kupita ku Kalingalinga, Mtendere, Ng'ombe kapena Kalundu, kumene eni nyumba anasandutsa zipinda kukhala zogona ophunzira: mabedi osanjikizana, mbaula pakhomo pophikira magetsi akazima, chidebe cha madzi kuseri kwa chitseko, ndipo lendi amalipira pa bedi, mwezi uliwonse, popanda kumva zoti BC sinatuluke. Wa ku Chipata angaganize zogona kwawo, koma mabasi awiri kupita ndi awiri kubwerera, kudzera m'tauni, amadya ndalama ndi nthawi yowerengera. Ndiye ndalama ya boma ikachedwa ndi masabata angapo, mwana ndi mayi ake amapita kuti? Chilimba chimathandiza ngati ndi mwezi wa mayiyo wolandira. Banki ya m'mudzi imakongoza, koma imafuna ndalama yake ibwerere msanga. Potsiriza pamatsala kaloba, amene chiwongoladzanja chake chimakonda kukhala 30 mpaka 50 peresenti pa mwezi umodzi. K2,000 yotengedwa pa 30 peresenti imakhala K2,600 mwezi ukatha, ndipo ikagona miyezi itatu osabweza kanthu imafika pafupifupi K4,400. Chikole chimakhala foni, laputopu yomwe mwanayo amalembera ntchito za kusukulu, kapena firiji imene mayi amasungiramo zogulitsa. Ngongole imene imachotsa mwana pa yunivesite ali m'chaka chachiwiri ndi imeneyi, ndipo akachoka amapita ndi ngongole ya boma ija pamutu, digiri alibe. Palibe wokongola womvetsa chisoni kuposa ameneyu.

N'chifukwa chake nkhani ya ndalama ya chakudya, imene anthu ena amaiona ngati kulira kwa ana osasatitsidwa, ndi nkhani yaikulu. Mu Okutobala 2018 ophunzira a pa UNZA anachita zionetsero chifukwa cha kuchedwa kwa ndalamayi, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi m'mahositelo, ndipo mtsikana wina wa chaka chachinayi anamwalira. Mu 2019 nduna ya maphunziro apamwamba, mayi Nkandu Luo, inachotseratu ndalama ya chakudya, boma n'kunena kuti ndalamazo zithandiza kufikitsa ngongole ku mayunivesite ena a boma. Cholinga chofikira ophunzira ambiri chinali chabwino, koma mtengo wake unagwera mwana wosauka, chifukwa wa m'banja lolemera ku Kabulonga amadya kwawo. Boma la a Hakainde Hichilema linabwezeretsa ndalamayi mu 2023. Phunziro la zaka zimenezo n'lakuti kukongoza munthu fizi yokha n'kumusiya ndi njala ndi kuika pangozi ndalama yomwe wamukongozayo. Ndipo ndalama imene yabwezeretsedwa iyenera kufika pa tsiku lake, chifukwa kuchedwa kwa mwezi umodzi ku ofesi kumasanduka 30 peresenti m'buku la wakaloba.

Tsopano tifike pa kubweza, pamene ndikuona kuti dongosolo la panopa liyenera kusinthidwa. Ngongoleyi inakonzedwa ngati ya nyumba kapena galimoto: ndalama yakuti, zaka zakuti, mwezi uliwonse mupereke zakuti. Koma digiri si nyumba yoti ungaigulitse zinthu zikavuta, ndipo palibe wophunzira amene amadziwa, pa tsiku losayina, kuti adzapeza ntchito liti. Mu 2022 boma linalemba aphunzitsi oposa 30,000 ndi ogwira ntchito zaumoyo oposa 11,000 nthawi imodzi, ndipo ambiri mwa iwo anali atakhala pakhomo zaka zingapo ndi mapepala awo m'chikwama. Chaka chimodzi chopumira n'chachifupi m'dziko limene kudikira ntchito zaka zitatu kapena zisanu si chinthu chachilendo. Ndipo amene wapeza ntchito, K1,320 pamwezi imalemera mosiyana malinga ndi munthu. Kwa injiniya wa ku mgodi wa Kansanshi ndi yochepa. Kwa womaliza maphunziro amene akuphunzitsa pa sukulu ya pulaiveti m'komboni pa K3,000 ndi pafupifupi theka la malipiro ake. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection, limene limawerengera mtengo wa zinthu zofunika pamoyo, linapeza kuti banja la anthu asanu mu Lusaka linkafunika ndalama yoposa K10,000 pamwezi mu 2024. Tiwonjezerepo kuti mwana wa m'komboni akangolandira malipiro oyamba, azing'ono ake, agogo ake kumudzi ku Katete kapena ku Petauke, ndi lendi ya makolo zonse zimayang'ana iye. Mnzake wochokera m'banja lopeza bwino, amene anakhala naye m'kalasi imodzi, malipiro ake ndi akeake. Kudula onsewa ndalama yofanana kumaoneka ngati chilungamo papepala, koma kumapweteka kwambiri yemweyo amene ngongoleyi inapangidwira.

Alipo amene amati yankho n'losavuta: maphunziro a ku yunivesite akhale aulere monga kale, makamaka popeza akuluakulu ambiri amene akulamula kuti ana abweze anaphunzira okha osalipira kanthu. Mfundo yachiwiriyi ili ndi mphamvu, ndipo malire a 2004 anagawa anthu a m'banja limodzi, mkulu osabweza, mng'ono n'kumabweza. Koma Zambia ya mu 1966 inali ndi anthu osakwana 4 miliyoni ndi ophunzira a yunivesite mazana atatu, pamene kalembera wa 2022 anapeza anthu 19.6 miliyoni. Dziko lomweli linalephera kulipira ngongole zake zakunja mu Novembala 2020. Likati lilipirire aliyense zonse, lidzachita chimodzi mwa ziwiri: kuchepetsa malo, kapena kusiya mayunivesite opanda mabuku ndi aphunzitsi osalipidwa. Malo akachepa amatengedwa ndi ana amene anaphunzira pa masukulu abwino, ndipo a ku Kanyama amene ankakhala ana 80 kapena kuposa m'kalasi imodzi amatsala kunja. Palinso funso la amene amalipira. Mayi wa pa msika wa Chipata amapereka msonkho nthawi iliyonse akagula sopo, shuga kapena mayunitsi a foni, ngakhale mwana wake sanafike Giredi 12. Si chilungamo kuti iye alipirire loya kapena dokotala amene adzapeza kuwirikiza kakhumi kuposa iye, popanda munthuyo kubwezako kanthu. South Africa, pambuyo pa zionetsero za ophunzira zimene zinayamba mu 2015, inasandutsa ngongole za ana osauka kukhala thandizo losabweza kuyambira 2018, koma ndi dziko la chuma chachikulu kuposa chathu, ndipo ngakhale kumeneko bungwe lothandiza ophunzira la NSFAS lakhala likuvutika kulipira pa nthawi yake. Ndalama imene HELSB ikutolera kwa omaliza maphunziro ndi yomwe ikuthandiza kukongoza ana atsopano. Amene ali ndi ntchito yabwino n'kumazemba kubweza akutseka khomo kwa mwana wa m'komboni yomwe anachokera.

Njira yabwino ndi yakuti kubweza kutsatire zimene munthu amapeza. Australia inayamba dongosolo lotere mu 1989: womaliza maphunziro sabweza kanthu mpaka malipiro ake atafika pa mlingo woikika, ndipo akaufika amadulidwa gawo la malipirowo kudzera ku ofesi ya msonkho. England nayo imachita mofanana. Kuno mlingo woyambira ulipo kale, chifukwa kuyambira 2024 munthu wolandira K5,100 kapena kucheperapo pamwezi salipira msonkho wa pa malipiro. Ngati boma lavomereza kuti munthu wotere ndi wosauka moti sangapereke msonkho, n'zovuta kufotokoza chifukwa chake angathe kupereka K1,000 ya ngongole. Otsutsa adzati njirayi imayenda m'mayiko amene aliyense ali m'kaundula, pamene kuno anthu oposa awiri mwa atatu alionse ogwira ntchito ali m'ntchito zosalembetsa, m'makantemba, m'misika ndi m'maganyu, ndipo womaliza maphunziro angamapeze ndalama zambiri ku Kamwala kapena ku Soweto n'kumanena kuti alibe kanthu. Zimenezi n'zoona, koma vuto limeneli lilipo kale lero. Anthu amene HELSB imawapeza mosavuta ndi aphunzitsi, anamwino ndi ena amene mayina awo ali pa malipiro a boma kapena ku bungwe la penshoni la NAPSA, pamene wamalonda ndi amene anapita kunja amavuta kuwatsata. Dongosolo lotsatira malipiro silingawonjezere vutoli, ndipo lingalichepetse, chifukwa munthu amene akudziwa kuti sadzadulidwa zoposa mphamvu zake alibe chifukwa chobisalira. Ndiponso digiri imakokera munthu ku ntchito yolembetsa, ku kampani yolembetsa, ku nambala ya msonkho ya ZRA imene masiku ano imafunika ngakhale potsegula akaunti ku banki. Njira zomutsatira zikuchuluka chaka ndi chaka. Inde, ndalama zingamabwerere pang'onopang'ono m'zaka zoyamba, ndipo boma liyenera kuvomereza kutseka mpata umenewo, popeza n'lomwe lili ndi mapewa otha kusenza chiopsezo chimene mwana wa zaka 19 sangathe.

Sitingaiwale amene ngongoleyi siwafikira n'komwe. Ana ambiri a m'makomboni amene sanapeze malo pa yunivesite ya boma amalowa m'makoleji a pulaiveti a uphunzitsi, unamwino ndi zamalonda amene adzaza Lusaka, ndipo fizi yawo imachokera ku chilimba, ku kaloba kapena ku ngongole ya pa malipiro ya amalume. Ku Malawi, bungwe lofanana ndi HELSB limene linakhazikitsidwa mu 2015 limakongozanso ophunzira a m'mayunivesite a pulaiveti ovomerezeka. Ngati njirayi ingatsatidwe kuno, ikhale ya masukulu okhawo amene a Higher Education Authority anawavomereza, chifukwa kukongola ndalama n'kugula pepala limene olemba ntchito salizindikira ndi tsoka lowirikiza. Palinso khomo lina limene mabanja ambiri amalidutsa osaliona. Ndalama ya chitukuko cha madera a aphungu (CDF), imene inakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu mu 2022 ndipo yapitirira kukwera, ili ndi gawo lolipirira achinyamata maphunziro a ntchito zamanja, ndipo thandizo limeneli silibwezedwa. Wa ku Chipata amafunsira kudzera ku komiti ya chitukuko ya wadi yake m'dera la Mandevu. Mwana amene mtima wake uli pa zamagetsi, zamipope kapena zamakina asakakamizidwe kukatenga digiri ya ngongole pofuna kuti pakhomo pamveke dzina la yunivesite.

Kwa inu makolo ndi ana amene mndandanda wa chaka chino ukukukhudzani, pepala la ngongole muliwerenge lonse musanasayine ndipo musunge kope lake. Ngati mwapatsidwa gawo chabe la fizi, khalani pansi ndi abale onse chaka chisanayambe, mugwirizane kuti yotsalayo ichokera kwa yani ndipo liti, ndipo chilimba cha mayi chikonzedwe kuti chigwe mwezi wolembetsa. Laputopu ndi katundu wa bizinesi ya pakhomo zisapite kwa wakaloba ngati chikole. Womaliza maphunziro amene sanapeze ntchito apite yekha ku ofesi ya HELSB akafunse kuti ngongole yake yafika pati, asadikire kudzaidziwa pa malipiro oyamba, ndipo amene wayamba kupeza bwino aziwonjezera pa zimene amadulidwa kuti chiwongoladzanja chichepe. Kwa aphungu a Mandevu, Kanyama, Matero, Chawama ndi Munali, amene makomboni amenewa ali m'manja mwanu, lamulo la 2016 linapangidwa ku Nyumba ya Malamulo ndipo lingasinthidwe komweko. Kapempheni zinthu ziwiri: kuti ndalama ya ophunzira izifika sabata yoyamba ya temu, ndi kuti munthu wolandira zosakwana mlingo wa msonkho asadulidwe ngongole mpaka malipiro ake atakwera.